Jasi la Kunjanji M'bwato la Mubita

Mpaka lero, ndikangomva kuti apongozi anga akwera basi ku Mongu akubwera kuno ku Livingstone, ndimayamba kufunafuna pobisala. Si kuti ndi munthu wovuta ayi. Ndi mayi wofatsa, wopemphera, ndipo sananditukwanepo ngakhale kamodzi. Vuto ndi lakuti tinakumanapo pamalo amene mkamwini ndi apongozi ake sayenera kukumana, ndipo wopalamula ndinali ine. Dzuwa nalonso lili ndi mlandu wake pankhaniyi, kungoti dzuwa palibe amene analiitanitsa kuti lidzapepese.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990. Ndinali kalaliki kunjanji, tikukhala ku Dambwa North ndi mkazi wanga Namakau ndi mwana wathu woyamba, Mwangala. Chaka chimenecho chisanu chinakana kubwera. Majuzi tinali titagula kale pasalaula, pamsika wa zovala zakaunjika, ogulitsa makala ataunjika matumba awo m'mbali mwa msewu, koma Juni anadutsa, Julayi n'kulowa, kunja kukutentha ngati Okutobala. Tauni yonse inayamba kukayikirana. Azimayi kumsika ankati kutentha kotere sikubwera kokha, alipo amene akudziwa. Kutchalitchi ena ankati ndi chizindikiro. Ine ndinkawaseka onsewo, osadziwa kuti matenda omwewo andilowa kale, ndipo ine andilowera m'nyumba.

Choyamba kusowa chinali nsalu yathu yoyala pabedi, ya maluwa ofiira, imene azakhali anga anatipatsa paukwati. Patapita sabata, yoyera nayo inasowa. Kenako Namakau anayamba kupita ku Libuyu Loweruka lililonse, akuti kwa ba Mubita, ndipo ankabwerako akuimba, m'mapatapata muli mchenga woyera wa kumtsinje. Ku Libuyu ndimakudziwa. Kuli fumbi, kulibe mchenga wotero.

Mubita ameneyu ndi mwana wa amalume ake a Namakau. Kwa Namakau ndi mlongo wake basi, koma ine ndine wakummawa, ndipo kwathu msuweni timamudziwa: ndi munthu amene makolo amaseka naye kuti "mkazi wako uyu" kuyambira ali wakhanda. Komanso munthuyo ankagwira ntchito yopalasa alendo pamalo ena ogona azungu m'mbali mwa Zambezi, ndiye mapewa ake anali otakata, magalasi akuda ali pamphumi. (Ine mapewa anga ndi a munthu wonyamula cholembera. Ndanena ndekha musanandinene.)

Nkhaniyi ndinakaitula kwa mnzanga wa kuntchito, ba Hamoonga, amene tonse tinkamutenga ngati katswiri wa zamabanja chifukwa anali atakwatirapo katatu. Sindinadzifunse kuti nanga akazi atatuwo anapita kuti.

"Mudala, osafunsa," anatero akupukuta thukuta ndi fayilo. "Mukafunsa chabe, azachenjera. Imwe konkhani kumbuyo, muwalondole, muzaona na menso yanu."

"Nanga ngati kulibe chilichonse?"

"Nsalu za pabedi ziwiri, mudala? Zinamera mendo?"

Basi ndinasiya kuyankhula m'nyumba. Masiku atatu ndinkangoti "ee" ndi "ayi". Lachisanu madzulo Namakau anabwera pomwe ndinakhala n'kuyamba kuti, "Batate ba Mwangala, kuli nkhani," ine n'kukweza wailesi mpaka kumapeto. Anaima pang'ono, n'kubwerera kukhitchini. Posakhalitsa Mubita anaima ndi njinga yake pageti, ndipo ine ndinamata khutu pazenera. Ndinamva zinthu ziwiri zokha: mawa teni koloko, komanso pamitengo pamene asodzi amamangirira mabwato. Kwa ine mlandu unali utatha, kwatsala kugwira anthu.

Loweruka ndinanama kuti ndili ndi ntchito. Ndinadutsira kusiteshoni n'kubwereka jasi la alonda a sitima, lija lakuda lofika m'akakolo, lolemera ngati bulangeti lonyowa, ndi chipewa chaubweya chotsika mpaka m'nsidze. Nzeru yake inali yabwino, musandiseke msanga. M'mawa wa Julayi wabwinobwino mwamuna aliyense mu Livingstone amaoneka choncho, ndipo palibe akanandizindikira. Koma tsiku limenelo tauni yonse inali m'malaya a manja aafupi, ndipo wa jasi ndinali ndekha. M'minibasi mayi wina anandifunsa ngati ndi malungo. Wina anangochotsa chikwama chake pambali panga n'kuchikumbatira pachifuwa.

Ndinafika kumtsinje ola lathunthu nthawi isanakwane. Bwato la Mubita silinavute kupeza, chifukwa anali atalembapo dzina lake ndi penti. Linali lamatabwa, lotakata kuposa la asodzi, pakati pataimikidwa mtengo wautali wokhala ndi zingwe. Ndipo pansi pake, Mulungu wanga, panali mulu wa nsalu. Maluwa ofiira a azakhali anga! Anali atasokedwa pamodzi ndi nsalu yoyera ija, ndi matumba a ufa ambirimbiri, msoko wake wa Namakau weniweni.

Ndikufuna mundimvetse. Kwathu madzi ndi a pachitsime. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Livingstone, Zambezi ndinkangoiona ndili pamlatho, ndipo kusambira sindidziwa. Munthu ngati ine akaona nsalu za pabedi m'bwato, amaona bedi. Mtengo woimika uja ndinati ndi wokolekapo chotchinga kuti asodzi asaone. Ndinaganiza za Mwangala, ndinaganiza zoti banja langa likutha lero lomwe, ndipo ndinatsala pang'ono kulira.

Ndili chiimire choncho ndinamva anthu akubwera m'kanjira ka m'mabango. Ndinalumphira m'bwato, n'kukwawira pansi pa mulu uja, n'kudzipinda chammbali mawondo kuchibwano. Ndinati apalase kaye afike pakati pa madzi, pamene sangathawe, ndiye ndivumbuluke.

Ndinamva mawu a Mubita. Ndinamva kuseka kwa Namakau, mtima n'kundibaya. Kenako ndinamva mawu achitatu, okhuthala, osafulumira, akuyankhula Chilozi, chimene ndimachimva bwino ngakhale kuti poyankhula ndimachiphwanya.

"Ndiye bwato lake ndi limeneli?"

Apongozi. Mayi ake a Namakau. Ndiye nkhani ija ndinaiphimba ndi wailesi: anali atafika Lachinayi, n'kufikira ku Libuyu, poti nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri ndipo sakanagona khoma limodzi ndi mkamwini.

Muyenera kudziwa mmene tinkakhalira ndi mayi amenewa. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati, sindinakhalepo nawo pamphasa imodzi. Kapu ya madzi sindinkawapatsa m'manja, ndinkaika pansi Namakau n'kuwapatsira. Moni ndinkaperekera patali, nditagwada, ndikuwomba m'manja mwa Chilozi monga anandiphunzitsira, maso ali pansi. Ngati panali chinthu chimodzi chimene akuchikazi ankandiyamikira nacho, chinali chimenechi.

Bwato linapendekeka, munthu wolemera atakwera.

"Khalani apa pathabwa, mayi," anatero Mubita.

"Thabwa limandipweteka msana. Ndikhala pansalupa."

Ndipo anakhala. Anakhala pa ine, abale anga. Pakati pa nthiti ndi chiuno. Mpweya wonse unatuluka, koma ndinautulutsa pang'onopang'ono kudzera m'mphuno kuti usamveke. Anadzikonza uku, n'kudzikonza uko, mpaka atapeza pabwino.

"Nsalu zako zili ndi mfundo," anatero.

"Ni zingwe izo," anayankha Mubita, n'kukankha bwato.

Tsopano ndikanatani? Kutsokomola? Kunena kuti, "Odi, amayi, mwakhalira mkamwini wanu"? Ndinasankha kufa mwaulemu.

Nkhafi zinayamba kulira m'madzi, ndipo Mubita anayamba kudzitama. Akuti kuntchito kwake kunabwera mzungu wina ndi kabwato koyenda ndi mphepo, kopanda injini, kopanda wopalasa, munthu n'kumangokhala atagwira chingwe. Iye anakayang'anitsitsa sabata yathunthu n'kunena kuti zimenezi ngakhale mwana wa ku Mongu angazipange. Mtengo uja ndi mlongoti. Nsalu zija ndi thanga, lokolera mphepo. Namakau ndiye anamusokera, ndipo matumba ataperewera anawonjezera za pabedi, poti m'nyengo yotentha chonchi zinkangokhala m'sutikesi. Apongozi anawatenga chifukwa iwo anabadwira m'madzi, ndipo pabanja pawo bwato latsopano siliyamba ntchito iwo asanalikwere.

Ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chimwemwe choti mkazi wanga alibe mlandu, ndi mantha oti chimene ndafundachi posachedwa achikweza m'mwamba.

"Manje tiyembekeze mphepo," anatero Mubita ataleka kupalasa. "Julayi uno, izabwera manje manje."

Mphepo ya Julayi imeneyo inali itapita kumene kunapita chisanu. Kunali zii. Dzuwa linaima pamutu, bwato n'kumangoyandama pamadzi odekha kuseri kwa chilumba. Ine m'jasi, m'chipewa chaubweya, pansi pa nsalu zopindidwa kasanu, pamwamba pake apongozi. Thukuta linkalowa m'maso. Fumbi la ufa la m'matumba linkandinyerenyetsa m'mphuno, ndipo ndinaluma kolala ya jasi kuti ndisayetsemule. Mwendo wamanzere unafa, wamanja n'kutsatira. Chapatali mvuu inalira, ndipo kumunsi ndinkamva mkokomo wa mathithi. Ndinayamba kukayikira chilichonse. Kodi tikutsetsereka? Kodi Mubita waona nsapato zanga, akungofuna ndipse? Kodi ba Hamoonga anadziwa zonsezi n'kunditumiza dala?

Apongozi anasenda lalanje. Ndinalimva fungo. Anadya lachiwiri. Kenako anafunsa mwana wawo kuti, "Bambo ake a Mwangala ali bwanji?"

Namakau anayankha chapansipansi.

"Sindikudziwa, mayi. Masiku atatu sakundiyankhula. Chakudya akungochigwiragwira. Ndaganiza kuti mwina kuntchito akuchotsa anthu ndiye akuopa kundiuza, kapena akudwala. Dzulo ndimafuna ndiwauze kuti mwabwera, komanso kuti abwere adzaone thangali, anakweza wailesi. Ndikuopa, mayi. Sindikudziwa chimene ndawalakwira."

Kunena zoona, kulemera kwa apongozi sikunandipweteke ngati mawu amenewo. Ndinachita manyazi mpaka ndinalakalaka bwato litabooka pomwe ndinagonapo.

"Usade nkhawa," anatero apongozi, akudzikonzanso, chigongono chawo chikupeza phewa langa. "Mwamuna wako uja ndi waulemu. Ku Mongu ndimawauza anzanga kuti akamwini awo amalowa mpaka kukhitchini, koma wanga ngakhale chithunzithunzi chake sichinandikhudzepo. Munthu wotero sangakuganizire zoipa. Sangakuzonde ngati wakuba. Ali ndi nzeru, akakhala ndi kanthu mumtima amafunsa."

Anapitiriza. Anayamikira mayendedwe anga, kavalidwe kanga, ngakhale makolo amene anandilera. Pa chiyamikiro chilichonse ankatsamira pang'ono. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma malalanje anakwana anayi.

Kenako Mubita anakuwa. "Mphepo! Mphepo iyo! Mayi, sunthani!"

Apongozi ananyamuka mosafulumira n'kukakhala pathabwa lija lopweteka msana. Chingwe chinalira, nsalu zinayamba kundichoka pathupi, ndipo kuwala kunandimenya m'maso. Maluwa a azakhali anga anakwera mlongoti, pansi n'kutsala chinthu chakuda chopindika, chonyowa, chovala chipewa chaubweya.

"Mfiti!" anakuwa Mubita, atakweza nkhafi m'mwamba.

"Ba Mubita, lekani!" Namakau anali ataona nsapato. "Batate ba Mwangala? Ndimwe?"

Pamenepa munthu wanzeru akanakhala phee. Koma ndinadzuka n'kupeza apongozi ali patsogolo panga penipeni, mawondo athu atatsala pang'ono kugundana, ndipo thupi linachita zimene linazolowera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinagwada, maso pansi, n'kuyamba kuwomba m'manja. Ndipo poti moni wa apongozi umaperekedwa patali, ndinayamba kubwerera chambuyo ndi mawondo kuti ndiwapatse malo. Pabwalo la ku Mongu zimenezi zimayenda bwino kwambiri. M'bwato mulibe patali. Ndinawomba kachitatu, kachinayi ndinawombera m'madzi.

Jasi la kunjanji limamwa madzi, ndikuuzeni. Linandikokera pansi nthawi yomweyo. Ndinatulutsa mutu n'kukuwa za ng'ona, n'kumiranso. Ndipo nthawi imeneyo ndi imene thanga la Mubita linasankha kugwira ntchito. Linafufuma, bwato n'kunyamuka ngati lakumbukira kwawo.

"Imitsani! Imitsani boti!" ankakuwa Namakau.

"Niimitsa bwanji? Muzungu sininamuone poimitsa!"

Chinandigwira kumbuyo kwa khosi ndinayesa ng'ona, koma linali dzanja la apongozi. Anatsamira m'mbali mwa bwato n'kukola kolala ya jasi ndi dzanja limodzi, nkhope atatembenuzira kwina kuti asandiyang'ane. Sanandikweze, ndipo sanandisiye. Ulendo woyamba wa bwato loyenda ndi mphepo la Mubita unayenda choncho, iye akulimbana ndi zingwe, Namakau akulira, ine ndikukokedwa m'mbali ndikumeza Zambezi, mpaka tinakatsakamira pamchenga wa pachilumba.

Nditasanza madzi, Mubita anandiimirira pamutu. "Ba mulamu, munali kuchita chani mu boti yanga?"

"Nenze kulonda," ndinatero, ngati ndimateteza bwatolo kwa akuba. "Kuli bakawalala maningi masiku yano."

"Kulonda? Na jasi? Pansi pa nsalu?"

Namakau sanaseke. Anayang'ana jasi, anayang'ana chipewa, anayang'ana thanga lija, kenako Mubita, kenako ine. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene zonse zinkalumikizana m'mutu mwake.

"Munaganiza kuti ine na ba Mubita," anayamba, koma sanamalize. Anangoti, "Mulongo wanga?" Misozi inasiya yokha. Anakakhala pafupi ndi mayi ake, onse awiri atandifulatira, ndipo pobwerera tinachita kupalasa, mphepo inali itatha.

Tsiku lomwelo anatenga Mwangala ndi kachikwama n'kupita ku Libuyu. Sanakalipe, sanaswe mbale, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Sabata yoyamba ndinkati abwera mawa. Yachiwiri ndinamva kuti apongozi akukonzeka kubwerera ku Mongu ndipo mipando ya m'basi akufunsa itatu. Pamenepo tulo tinatha. Ndinapempha mkulu wina wa kutchalitchi kuti andiperekeze (ba Hamoonga anadzipereka, ndinawakana), tinanyamula tambala, n'kukagwada pabwalo la Mubita dzuwa likuswa mtengo. Ndinanena zonse, osabisa kanthu, anthu oyandikana nawo atatsamira pampanda ngati kwabwera kanema. Apongozi anayankha kudzera mwa mkulu uja. Anati iwo alibe mlandu ndi ine, pakuti sanandikhudze, anagwira jasi la boma. Mwini mlandu ndi mwana wawo.

Namakau anandisiya ndili chigwadire kwa nthawi ndithu. Kenako anati, "Nizabwera. Koma mukaona chinthu chasowa mu nyumba, muli na kamwa. Mukazanizondanso, simuzanipeza ku Libuyu, muzanipeza ku Mongu."

Anabwera. Zinatenga miyezi kuti ayambenso kuimba m'nyumba, ndipo miyezi imeneyo sindiiwala. Kuyambira pamenepo ndimafunsa. Ndimafunsa mpaka amatopa nane.

Koma chinthu chimodzi chinapitiriza kundidya, ndipo tsiku lina chaka chitatha, tikusenda mtedza pakhonde, ndinalimba mtima.

"Bamake Mwangala, nifunseko. Tsiku lija, bamayi sanadziwe kuti pansi pali munthu, eti?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Bamayi banayamba kukwera bwato basanayambe kuyenda. Mukaika nkhuku imodzi mu bwato, bamaona pa madzi kuti bwato yalemera. Manje imwe, na jasi?" Anaponya mtedza m'mbale. "Banadziwa bakali pa mtunda. Nsapato zanu banaziona ine nisanazione."

"Nanga zonse zija ananena? Zoti ndine waulemu, wanzeru?"

"Munayesa benze kuuza ine?"

Ndinasiya mtedza. Kani mawu onse aja ankauza ine, ndili pansi pawo. Ndimati ndaphunzira kusakayikira anthu, ndipo mkazi wanga sindimukayikiranso ngakhale pang'ono. Koma apongozi akabwera, ndikagwada patali n'kuwawombera m'manja, iwo n'kuuza alendo kuti, "Mkamwini wanga uyu, waulemu kwabasi," nthiti zanga za kumanja zimayamba kuwawa.